Tenti ya Mzungu ndi Msasa wa Mlenje: Mbiri ya Kusaka m'Chigwa cha Shire



Lero ndikufuna tikambirane chinthu chomwe simungachipeze pa silabasi ya Fomu 3 kapena Fomu 4, koma chomwe ndaona kuti chimatsegula mitu ya ana asukulu kuposa mndandanda wa zaka ndi maina a abwanamkubwa. Chinthucho ndi tenti. Inde, tenti yomweyi ya chinsalu chokhuthala, ena amati lona, imene masiku ano timaiona pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano ya ndale. Zaka zoposa 100 zapitazo, mzungu wofuna kudzasaka nyama m'chigwa cha Shire ankayamba wasankha tenti ya pamsasa wake ali ku London, asanakwere n'komwe sitima yapamadzi. Funso langa n'lakuti: kodi ankasankha potengera chiyani, nanga amene ankalipira mtengo weniweni wa chisankhocho anali ndani?

Dera lathu linali njira

Kwa amene simukudziwa kuno, Phalula ali mu msewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Balaka. Kufikira mu 1998 tinali pansi pa boma la Machinga, Balaka asanakhale boma pa yekha. Ndi dera lotentha, la milambe ndi mitengo ya tsanya, ndipo kum'mawa kwathu kukuyenda mtsinje wa Shire. Amene mumangodutsa pa basi mumaona matumba a makala ndi minda ya thonje basi. Koma dera lonse la pakati pa Matope ndi Liwonde kale linali la njovu, njati, mphalapala, ngoma ndi mikango.

Linalinso njira. Sitima zochokera ku Zambezi zinkathera cha ku Chikwawa chifukwa cha mathithi a pa Shire. Kuchoka apo katundu yense ankayenda pamtunda kudzera ku Blantyre mpaka pa Matope, pomwe mtsinje umayambanso kuyendeka kupita ku Liwonde, Malombe ndi kunyanja. Mu 1875 sitima ya amishoni ya Ilala inadutsa mathithiwa ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana, n'kukailumikizanso kumtunda kwake. Kampani ya African Lakes, ija tinaizolowera kuti Mandala, itayamba mu 1878, malonda ake oyamba opatsa phindu anali a minyanga ya njovu.

Mbiri ya nyama za kuno inafika ku Ulaya msanga. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anaona njovu pafupifupi 800 pa dambo la kumunsi lija analitcha Elephant Marsh. Mu 1867, pa ulendo wofufuza ngati Livingstone anali moyo, womwe anatsogolera E. D. Young, panali msilikali wina wokonda kusaka dzina lake Henry Faulkner. Iyeyu atabwerera kwawo analemba buku la Elephant Haunts mu 1868, lomwe linali ngati kuitanira anzake kuphwando. Ndipo anabweradi. Wotchuka kwambiri ndi Alfred Sharpe, loya amene anafika mu 1887 kudzapha njovu ndi kuchita malonda a minyanga. Munthu yemweyu ndiye anadzalowa m'malo mwa Harry Johnston, ndipo mu 1907 anakhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland. Pofika 1912 Denis Lyell anali atatulutsa buku la Nyasaland for the Hunter and Settler, lolangiza ofuna kudzasaka ndi kudzakhazikika kuno.

Ankayang'ana chiyani posankha tenti?

Mlenje wachizungu sankayenda ndi msasa wonse tsiku ndi tsiku. Ankamanga msasa waukulu pamalo amodzi pafupi ndi madzi, n'kumachoka m'bandakucha kukalondola mapazi a nyama, madzulo n'kubwerera. Pamsasapo ndi pomwe pankakhala chakudya, zipolopolo, mankhwala, zikopa ndi minyanga kwa milungu ingapo. Choncho tenti inali nyumba yake, nkhokwe yake komanso chipatala chake malungo akamugwira.

Choyamba ankayang'ana nsalu. Mawu a Chingerezi akuti canvas anachokera ku dzina la Chilatini la chamba, chifukwa kalelo nsalu zokhuthalazi ankaziluka ndi luzi la chomerachi. Ana asukulu amaseka ndikawauza izi, koma ndi zoona. Pambuyo pake anayamba kuluka ndi thonje komanso fulakisi. Ubwino wa lona wa thonje ndi wakuti ulusi wake ukanyowa umafufuma n'kutseka timipata, motero mvula silowa, koma kukauma nsaluyo imalola mpweya kudutsa. Kuipa kwake n'kwakuti ukaipinda isanaume imachita chuku n'kuyamba kufumbwa, ndipo ukaisiya pansi usiku umodzi wokha chiswe chimakhala chitayamba kale ntchito. Amene tinakulira kuno tikuchidziwa chiswe cha ku Balaka.

N'chifukwa chake anthu a pa maulendowa ankakonda lona wobiriwira wotchedwa Willesden, potengera dera la ku London komwe ankamukonza. Kubiriwirako kunkachokera ku mankhwala a kopa omwe ankanyikamo nsaluyo, ndipo mankhwalawo ankateteza ku chuku ndi tizilombo. Kampani ya Edgington ya ku London inatchuka ndi matenti a apaulendo, ndipo ndiyo inasoka matenti onyikidwa m'mankhwala a kopa omwe Henry Morton Stanley anatenga pa ulendo wake wodutsa nkhalango za ku Congo kuyambira mu 1887.

Chachiwiri chinali kutentha. Nthawi yabwino yosaka inali yachilimwe, udzu utapsa, nyama zitasonkhana kumadzi. Koma imeneyi ndi nthawi yomwe dzuwa la m'chigwa chino limaswa mtengo. Tenti ya denga limodzi masana a mu Okutobala imasanduka uvuni. Ndiye tenti yabwino inkakhala ndi denga lachiwiri lokungidwa pamwamba pa loyambalo, kusiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa. Denga lapamwambali ankalitalikitsa kutsogolo kuti lipange khonde lodyerapo, ndipo matenti ena anali ndi kachipinda kosambiramo kumbuyo.

Chachitatu chinali udzudzu ndi zokwawa. Pansi pankayalidwa chinsalu china chotchinga chinyezi, zinkhanira ndi linthumbu. Bedi linali lopinda, lokhala ndi neti pamwamba. Mpaka mu 1897, pamene Ronald Ross anapeza kachilombo ka malungo m'thupi la udzudzu, azungu ambiri ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Chifukwa chake chinali cholakwika, koma chinawathandiza ndithu: ankakhoma tenti pamtunda, kutali ndi dambo, komwenso udzudzu umachepa.

Chachinayi chinali kulemera. Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga.

Mutu umodzi susenza denga

Makolo athu ponena mwambi uwu ankatanthauza kuthandizana. Koma pa maulendo a azungu mwambiwu unkaoneka ndi maso, chifukwa denga la bwana linkayendadi pamitu ya anthu. Kuno kunali kashembe, ntchentche ija imapha ng'ombe, abulu ndi akavalo, moti ngolo sizikanathandiza. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo yodutsa ku Balaka kupita ku Salima inatha mu 1935. Izi zisanachitike, ngakhalenso zitachitika ukangochoka pasiteshoni kulowa kutchire, galimoto inali mutu wa munthu. Anthuwa ndi aja ankatchedwa amtengatenga.

Katundu wa munthu mmodzi ankakhala wolemera makilogalamu pafupifupi 25, ngati theka la thumba la feteleza. Tsono tenti yabwino ija, ya nsalu yokhuthala, ya madenga awiri, ya khonde, kuphatikiza mizati yake, zikhomo, zingwe ndi nyundo, sikanatheka munthu mmodzi. Ankaigawa kwa anthu awiri kapena atatu. Ikanyowa ndi mame kapena mvula kulemera kwake kunkawonjezeka, koma ulendo sunkadikira kuti iume. Onjezanipo bedi, tebulo, mpando, bafa, mabokosi a chakudya cha m'zitini, mfuti, zipolopolo, ndi ufa wa anthu onyamulawo. Bwana akatopa ankakwera machila, ndipo machila ankafuna gulu lakelake la anthu osinthana. Ulendo wa mzungu mmodzi unkatha kukhala ndi anthu makumi angapo. Mawu akuti ulendo azungu a ku Nyasaland anawatenga momwemo n'kuwalowetsa m'Chingerezi chawo, monga anzawo a ku Kenya anachitira ndi mawu akuti safari.

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa ulamuliro wa atsamunda, ndimabweretsa kusukulu theka la thumba la chimanga, n'kupempha anyamata odzimva mphamvu kuti alisenze kuzungulira bwalo la mpira kawiri. Amayamba akuseka. Pomaliza khosi limakhala litauma, ndipo ndikawauza kuti azigogo awo ankayenda nalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, opanda nsapato, tsiku ndi tsiku, m'kalasi mumangoti zii. Phunziro limenelo saliiwala.

Nanga anthu ankavomereranji ntchito yotere? Ena ankafuna nsalu, mchere ndi nyama. Koma chachikulu chinali msonkho. Dziko litakhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, boma linakhazikitsa msonkho wa nyumba, womwe pofika 1894 unali mashilingi 3 pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unakwezedwa, koma munthu wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankamuchotserako theka. Mwaona mmene zinthu zinkalumikizirana? Mlenje wachizungu ankatha kusankha tenti yaikulu ndi yolemera chifukwa mitu yoinyamula inali yotchipa, ndipo inali yotchipa chifukwa msonkho unkaithamangitsa kumudzi. Munthu woti adzisenzera yekha sangasankhe tenti ya khonde ndi bafa.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itabuka, ntchito ya mtengatenga inafika poipitsitsa. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali olimbana ndi Ajeremani ku East Africa, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Agogo anga aakazi ankasimba kuti bambo awo anabwerako ku nkhondoyo ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi kachidutswa ka lona komwe ankafunda usiku. Kachidutswako kanakhala zaka zambiri pabanjapo, akuyanikirapo mphale.

Msasa wa mlenje wa kuno

Tisaganize kuti kusaka kunabwera ndi mzungu. Amang'anja, Ayao ndi Angoni a dera lino anali ndi alenje awo odziwika. Panali uzimba, pomwe mudzi wonse unkatuluka ndi agalu, maukonde, mauta ndi mikondo. Panali mbuna zokumbidwa m'njira za nyama. Panalinso akatswiri a njovu okhala ndi mfuti za gogodela ndi wonga wochokera kugombe la nyanja yamchere, chifukwa malonda a minyanga opita ku Kilwa ndi ku Quelimane anayamba kale Mandala asanabwere. Tisabisenso kuti malonda amenewa ankayendera limodzi ndi malonda a akapolo, ndipo minyanga yambiri inapita kugombe pamapewa a anthu ogwidwa. Kusenzetsa anzathu katundu sikunayambe ndi azungu okha.

Alenje a kunowa nawonso ankagona kutchire masiku ambiri, ndipo ankamanga msasa. Zida zake zinali nkhwangwa ndi mpeni basi. Ankadula mphanda ziwiri ndi mtanda, kutsamiritsa nthambi, kumanga ndi luzi, n'kufolera ndi tsekera kapena masamba a mgwalangwa. Dzuwa lisanalowe nyumba yatha. Kutsogolo ankasonkha moto wa tsanya, womwe umanyeka usiku wonse, kuopseza afisi ndi mikango, utsi wake n'kumathamangitsa udzudzu. Pambali pake pankakhala thandala lowambirapo nyama. Pochoka ankangousiya msasawo kuti chiswe chiubwezere kudothi.

Tikayerekeza bwinobwino, msasa unkayankha mafunso onse anayi aja. Sufumbwa m'njira chifukwa suyenda. Denga la udzu ndi lozizira kuposa lona wina aliyense. Utsi unkagwira ntchito ya neti, ngakhale osati mokwanira. Ndipo kulemera kwake kunali kulemera kwa nkhwangwa imodzi. Nzeru yosankha malo inalinso ya anthu a kuno: osamanga m'khwawa louma poopa madzi osefukira a mvula yogwa kumapiri, osamanga m'njira ya mvuu yochokera kumtsinje, osamanga pansi pa mtengo umene njovu zimadya zipatso zake, khomo lisayang'ane kochokera mphepo ya mwera. Mzungu ankasankha tenti ku London, koma malo oikhoma ankaloza ndi mlenje wa kuno kapena kapitawo. Ndipo amtengatenga aja akamaliza kukhoma tenti ya bwana, ankapita pambali kukadzimangira misasa yawo.

Panalinso malamulo. Njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko. Nyama yaikulu ikagwa, mfumu inkalandira chiwalo chake. Munthu sankangolowa m'tchire la eni osapempha. Kunena kuti dziko linalibe dongosolo la nyama atsamunda asanafike ndi bodza.

Lamulo linasankha tenti

Pofika m'ma 1890 njovu zinali zitachepa kwambiri kum'mwera kwa dziko lino, ndipo mliri wa ng'ombe wa rinderpest, womwe unasesa kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa m'zaka zomwezo, unapha njati ndi nyama zina zambiri. Boma linayamba kuika malamulo. Pangano la ku Brussels la 1890 linali litaletsa kale kugulitsa mwachisawawa mfuti zamakono ndi wonga m'chigawo chino cha Africa. Mu 1897 kunabwera malamulo a nyama omwe anakhazikitsa malo otetezedwa ku Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa, komanso ziphaso zosakira. Mu 1900 maiko a atsamunda anakumana ku London kugwirizana za kuteteza nyama za mu Africa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunabwera lamulo lina lokhwima, lomwe ngakhale amishoni ndi azungu a minda ena analitsutsa, ati chifukwa linkateteza nyama zoononga mbewu ndi zosunga kashembe kuposa anthu.

Kuteteza nyama sikunali kulakwa. Chomwe ndimafuna ana asukulu aone ndi mmene mzere unadulidwira. Chiphaso chinkafuna ndalama zomwe munthu wovutika kupeza mashilingi 3 a msonkho sakanazipeza. Njira za makolo monga mbuna, maukonde ndi misampha zinayamba kutchedwa zankhanza, pomwe kuombera ndi mfuti yamakono kunkatchedwa masewera a anthu aulemu. Mapeto ake, wogona mu tenti anakhala mlenje wovomerezeka, wogona mumsasa anasanduka wakuba nyama m'dziko la makolo ake. Ndipo amene ankasainira ena mwa malamulowo anali munthu yemwe anabwera kuno kudzapha njovu. Mlendo anadzadi ndi kalumo kakuthwa, koma kanameta mbali imodzi.

Tenti inabwerera, mfuti ayi

Liwonde inakhala paki mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 548. M'zaka zotsatira nyama zinachepa kwambiri chifukwa cha misampha ya waya. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyi. Anamanga mpanda wamagetsi, anachotsa misampha masauzande ambiri, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mu 2022 njovu zina 263 zinapita ku Kasungu. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chinafika zaka 30 m'ndende. Mu paki kusaka n'koletsedwa kwa aliyense, wakuda ndi woyera yemwe. Pamenepa pokha mzere wakale uja unafufutika.

Koma mukapita kumalo ogona alendo m'mbali mwa Shire monga Mvuu, mukapeza kuti zipinda zambiri ndi za lona wobiriwira kapena wotuwa, za khonde kutsogolo ndi bafa kumbuyo, denga lachiwiri pamwamba. Ndi tenti ya Sharpe yomwe ija, kungoti tsopano yakhazikika pathabwa, ndipo mlendo wanyamula kamera m'malo mwa mfuti. Zomwe amayang'ana posankha sizinasinthe: nsalu yopuma, yosachita chuku, yosaopa chiswe, mthunzi wapamwamba, neti pamazenera. Chasintha n'chakuti imabwera pa lole.

Tsono funso lija la amene akusenza likadalipo, langosintha maonekedwe. Amene amagona pamsasa wa kumunda kulondera chimanga kuopa nyama zotuluka mu paki ndi anthu a m'midzi yozungulira, ku Machinga, Balaka ndi Mangochi. Mpanda wachepetsa vutoli, ndipo pakiyi yalemba ntchito anthu a m'deralo, zomwe ndi zoyamikika. Koma nyama zidzakhalitsa pokhapokha wogona mumsasa ataona kuti phindu la wogona mu tenti likumufikira, ndiponso kuti mawu ake akumveka pomwe malamulo akupangidwa. Mbiri yatiphunzitsa kuti lamulo lodutsa pamwamba pa mudzi limabala misampha ya waya.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ana asukulu ndi ili. M'mabuku a alenje achizungu muli zithunzi zambiri: bwana wakhala pampando kutsogolo kwa tenti, minyanga ili pamapazi ake, kumbuyo kwaima anthu akuda opanda maina. Mukachiona chithunzi chotere musathamangire kuwerenga minyanga. Werengani anthuwo, ndipo muwerengere kuti tentiyo inafuna mitu ingati kuti ifike pamenepo. Kenako pitani kwa agogo amene akadali moyo, muwafunse kuti kubanja kwanu ananyamulapo katundu wa mzungu ndani, anachokera kuti, anakatula kuti, analandira chiyani. Lembani m'kope, dzina ndi mudzi womwe. Okalamba akutha, ndipo akapita maina amenewa apita nawo.

Tikumananso ndi nkhani ina ya mbiri ya kwathu kuno.